Metformin wa generic ndi wabwino, koma werengani paketi

Odwala matenda a shuga ambiri akapatsidwa metformin wa generic, kutanthauza wopangidwa ndi makampani ena, m'malo mwa Glucophage, yemwe ndi metformin wa kampani yoyambirira, amakayikira, amati wotchipayu ndi wofooka. Kukayikirako kulibe maziko. Mankhwalawa ndi odalirika, bola akhale ovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala.

Chimene chimatsitsa shuga ndi metformin hydrochloride, ndipo m'piritsi la 500 mg mumakhala mlingo womwewo, kaya lapangidwa ndi kampani iti. Asanaloledwe pamsika amayesedwa kaye ngati akulowa m'magazi mofanana ndi oyambirirawo. Kutchipako n'chifukwa chakuti patent, chilolezo chopatsa kampani yoyambirira ufulu wopanga yokha mankhwalawo kwa zaka 20, inatha kale, ndipo opangawo sanalipire kafukufuku woyamba.

Chimene chimasiyana ndi maonekedwe, ndipo vuto lenileni lili pamenepa. Mwezi uno piritsi lozungulira, mwezi wamawa lalitali. Wodwala amaganiza kuti ku famase alakwitsa, n'kusiya kumwa osauza aliyense. Wina amamwa onse awiri, otsala akale ndi atsopano, poyesa kuti ndi mankhwala osiyana. Mlingo umawirikiza, m'mimba n'kuyamba kutsegula, mlandu n'kugwera generic. Chonsecho nseru ndi kutsegula m'mimba zimachitikanso ndi Glucophage, makamaka masabata oyambirira, ndipo zimachepa mukamamwa pa nthawi ya chakudya. Wopereka mankhwala akanangonena kuti "ndi omwe aja, asintha kampani chabe", zambiri mwa izi sizikanachitika. N'zomvetsa chisoni kuti mawu ochepawa nthawi zambiri sanenedwa.

Polandira, musayang'ane dzina lalikulu lokha. Pezani mawu akuti metformin, kenako mlingo: 500, 850 kapena 1000 mg. Onaninso ngati pali zilembo XR kapena SR. Amenewo amasungunuka pang'onopang'ono, kawirikawiri amamwedwa kamodzi patsiku, ndipo satafunidwa kapena kuphwanyidwa. Musawasinthanitse ndi wamba dokotala osadziwa. Tsiku lotha mphamvu lizioneka bwino.

Mantha ena amabwera chifukwa cha mankhwala achinyengo, ndipo ndi omveka: mu 2017 bungwe la WHO linati m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, pafupifupi mankhwala amodzi pa 10 alionse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Koma achinyengo si generic, ndipo akuba amakopera ngakhale mayina otchuka. Choteteza n'kugula ku famase yovomerezeka.

Kusamala kwapadera kukhale pa mankhwala monga warfarin (woletsa magazi kuundana), levothyroxine (wa chithokomiro) ndi phenytoin (wa khunyu), omwe kusiyana pang'ono m'magazi kumakhala ndi zotsatira. Amenewo akasintha kampani, dziwitsani dokotala kuti aone ngati mukufunika kuyezedwa magazi.