Babu la LED la 6V pa ka Honda C70 kakale: likuwala ndithu koma samalani ndi nyali yakumbuyo

Ndapereka nyenyezi 4 pa 5. Babu ili ndinaligulira ka Honda C70 kanga ka m'ma 1970, kaja ka 6V, chifukwa lakale la 25W lija kuwala kwake kunali ngati kandulo, makamaka ukachepetsa moto pokhota. Amene muli ndi tinjinga timeneti mukudziwa kale kuti nyali yakutsogolo simadya ku batire ayi, imadya magetsi a AC (osinthasintha mbali, osati a DC ngati a batire) ochokera ku koyilo ya mu injini, ndiye injini ikamalira pansipansi nyali nayo imafooka, ukaipatsa moto ndi pomwe imadzuka. Nchifukwa chake musamangotola LED iliyonse. Onani yolembedwa AC/DC komanso yoti imayambira pa 6V, zambiri ndi za 12V DC basi ndipo pa njinga ngati yangayi ndi kutaya ndalama chabe.

Kuika sikunavute olo pang'ono. Kumasula sikulu ya pa ring'i, galasi n'kutuluka limodzi ndi reflekita yake, kukanikiza soketi n'kupotoza, basi babu lili m'manja. Tsinde lake ndi P15d, ena amalemba H6M, linakhala bwinobwino osagwedera. Chomwe ndinalikondera kwambiri ndi choti lilibe kafani kumbuyo, chifukwa mkati mmenemuja malo mulibe, mawaya ali thithithi, ma LED aataliatali aja simungatseke nawo. Mukatsegula muoneretu waya wa girini, ndi wa ethi umenewo, woyera ndi wa dimu, wa buluu ndi wa fulu. Wanga wa girini kumutu kwake kunali dzimbiri lokhalokha, ndinapala ndi sandipepa, ndipo ndikuganiza kuti theka la mdima umene anthu amanamizira babu umachokera pamenepa.

Usiku kusiyana kulipo kwakukulu, maenje ukuwaona patali, zikwangwani zikuwala, ngakhale injini ikulira payokha nyali sikufa ngati kale. Imaphethira pang'ono ukaima, koma ukangonyamuka zimatha. Vuto lake kuwalako kumamwazikana, poti reflekita yakaleyi anaipangira kawaya ka mkati mwa babu wamba osati tizidutswa ta LED, ndiye pa dimu penipenipo anzako obwera kutsogolo ukuwathobwa m'maso. Ndinaimika njinga moyang'ana khoma n'kutsitsa nyali mpaka kuwala kunatsika m'munsi mwa msinkhu wa nyaliyo, pano palibenso amene akundiphethirira.

Tsopano nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha ichi. Njinga zambiri za 6V zakalezi zilibe regyuleta (kachipangizo koletsa mavoti kukwera mopitirira) ku mbali ya nyali, mababu enieniwo ndi amene amagawana magetsi onse otuluka mu koyilo. Ukachotsa babu lodya 25W n'kuikapo LED yongodya mawati ochepa, otsalawo alibe kopita, mavoti amakwera ukaipatsa moto ndiye kababu kakumbuyo ndi ka pa sipidomita timapsa. Kwa ine kakumbuyo kanapsa pasanathe nthawi, ndipo choopsa nchoti iweyo sudziwa, ukungoyenda mumdima kumbuyo kuli bii. Wogulitsa sanalembe chilichonse za zimenezi, kapepala ka mu bokosi kangoti ikani muziyenda. Ndinaika karegyuleta ka AC ka 6V, waya umodzi ku laini ya nyali wina ku felemu, kuchokera pamenepo sikanapsenso.

China, ndi nkhani ya maso a munthu, koma kuyera kwa babuli kwa 6000K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala) pa njinga yakale sikukhala, ikuoneka ngati yabwereka nyali ya eni. Ikanakhalapo ya chikasu pang'ono ngati 4300K ndikanatenga imeneyo, mu mvula ndi mu fumbi siipweteka maso kwambiri ngati yoyerayi. Ngati mumayenda usiku gulani, koma muitanitse limodzi ndi regyuleta, ndipo babu lakale musataye, likulungeni mu kansanza muike mu tuluboksi.