Ndayesa tsamba lothandiza kusankha chipani

Kwatsala milungu itatu kuti tisankhe aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo chathu, koma ine mutu unali utaima ndithu. Zipani mbwee, malonjezo ofanana. Alamu anga ndi amene anandilozera tsamba lina la pa intaneti lomwe limakufunsa mafunso, kenako n'kukuuza chipani chomwe mfundo zake zikufanana ndi maganizo ako. Nzeru imeneyi si yalero: StemWijzer ya ku Netherlands inayamba mu 1989, Wahl-O-Mat ya ku Germany mu 2002.

Ndinayankha pafoni usiku, ana atagona. Pa mfundo iliyonse umasankha kuvomereza, kukana kapena kukhala pakatikati, ndipo yomwe ili pamtima pako umaipatsa mphamvu yowirikiza. Ine ndinawirikiza za masukulu ndi zipatala. Chondisangalatsa n'chakuti mafunso onse anali a zinthu zomwe chigawo chili ndi mphamvu zozichita, osati za asilikali kapena ubale ndi mayiko ena, zomwe andale amakonda kutiphimba nazo m'maso.

Zotsatira zake zinandiseketsa. Pamwamba panabwera chipani chomwe ndakhala ndikuchinyoza patebulo zaka zonsezi! Sindinawauzebe alamuwo.

Pomwe pandikhumudwitsa ndi apa: tsambali limangoyeza zomwe zipani zalemba, osati zomwe zinachita zili pampando. Za munthu amene akuimira dera langa, zii. Zilembo nazonso n'zazing'ono kwambiri, ndinachita kufunafuna magalasi.

Ndalipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu.