Kusintha Kalipiridwe ka Ngongole ya Nyumba: Mmene Ndinaonera Thandizo la Banki Poyerekeza ndi Njira Zina ku Chipata

Kalata ya banki inandipeza mu Ogasiti 2024, nditalephera kulipira ngongole ya nyumba kwa miyezi itatu yotsatizana. Nyumbayo ili ku Kapata, ndipo chikalata cha umwini wake, chimene ambiri timangoti taito, chinali ku banki monga chikole. Ntchito yanga ndi yogula nshawa ndi chimanga kwa alimi a ku Katete ndi ku Chadiza n'kumagulitsa mu tauni, choncho chilala chimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale chaka chimenecho chinaumitsa malonda anga pamodzi ndi minda. Chiwongoladzanja nachonso chinali kukwera, chifukwa ngongole yanga imatsatira mlingo wa chiwongoladzanja woikidwa ndi Bank of Zambia, banki yaikulu ya dziko, umene unachoka pa 9 peresenti mu 2022 n'kufika pa 14.5 peresenti kuchiyambi kwa 2025.

Thandizo limene ndinapempha ndi lakuti banki italikitse zaka zobwezera kuti ndalama ya pamwezi itsike. Chiyambi chake sichinandisangalatse. Ndinayendetsedwa kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, mapepala ofunika ankanditchulira limodzilimodzi m'malo mondipatsa mndandanda wonse tsiku loyamba, ndipo yankho linayenera kuchokera ku Lusaka, zimene zinatenga masabata asanu pamene chiwongoladzanja chinali kuwerengedwabe. Koma nditalemba kalata yofotokoza vuto langa, n'kuikapo buku la malonda ndi ndalama imene ndikanakwanitsa kupereka mosaphonya, mayi amene anagwira nkhani yanga anachita chilungamo chimene ndimachiyamikira mpaka lero. Sanandibisire kuti zaka zitatu zimene anandiwonjezera zidzakulitsa ndalama yonse imene ndidzalipire, ndipo anandionetsa masamu ake papepala ndisanasaine. Ya pamwezi inatsika mokwanira kuti banja lidye.

Ndikudikira yankho la ku Lusaka, ndinatsala pang'ono kugwa m'dzenje la kaloba, ngongole ya kwa anthu wamba ya chiwongoladzanja chachikulu, ndipo apa m'pamene ndikufuna owerenga atchere khutu. Munthu wina wobwereketsa ndalama anati adzamaliza ngongole yonse ya banki sabata lomwelo, atenge taito, ine ndizimubwezera ndi 30 peresenti pamwezi. Pepala limene anandibweretsera silinali la ngongole ayi, linali lonena kuti ndamugulitsa nyumba, ndipo anandilimbitsa mtima kuti adzaling'amba ndikamaliza kubweza. Lamulo la obwereketsa ndalama, Money-lenders Act, limaona chiwongoladzanja choposa 48 peresenti pachaka kukhala chopitirira muyeso, koma munthu amene wasaina kalata yogulitsa amayamba wavutika kutsimikizira khoti kuti panali ngongole, chitetezo cha lamulolo chisanamufike n'komwe. Mkazi wanga ndiye anakana kwamtuwagalu, ndipo ankanena zoona. Kaloba ndi wachangu kuposa njira zonse, komanso ndiye amene akanatichotsera nyumba popanda ngakhale woweruza kutimva.

Chimene chinatseka miyezi itatu imene tinaphonya ndi ndalama ya NAPSA, bungwe la boma losunga penshoni ya ogwira ntchito. Kuyambira mu 2023, membala amene wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45 amaloledwa kutapa 20 peresenti ya zosonkha zake, ndipo mkazi wanga, amene ali pa ntchito yolembedwa, anali woyenerera. Ndalamayi ilibe chiwongoladzanja, koma imatapidwa kamodzi kokha ndipo imachepetsa penshoni ya mawa, choncho ndi yabwino pozimitsa moto wa lero, osati ponyamula ngongole ya zaka zambiri.

Tinaganiziranso zogulitsa tokha nyumbayo. Kwa amene malipiro ake atheratu, ndikuona kuti njira imeneyi iposa kudikira kuti banki igulitse, chifukwa mwini wake amatha kukambirana mtengo. Komabe banki iyenera kuvomereza, pafunika chilolezo cha Commissioner of Lands, mkulu wa boma woyang'anira malo, ndipo wogulitsa amalipira msonkho wosinthira umwini, umene unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025. Komanso Chipata ndi mzinda umene nkhani imayenda msanga. Ogula awiri amene anabwera anali atamva kale kuti ndapanikizika, ndipo mitengo imene anatchula inali yachipongwe.

Nkhani yanga sinafike kukhoti, koma loya amene ndinamufunsa anandiuza zinthu zimene mwini nyumba aliyense ayenera kudziwa. Banki ikafuna kulanda nyumba ya chikole imakasuma ku Khoti Lalikulu, ndipo kawirikawiri woweruza amapereka nthawi yoti wangongole alipire mabelifi asanabwere, choncho kubisa masamoni pansi pa mphasa n'kudzipweteka wekha. Lamulo la mabanki la 2017 silimalola kuti chiwongoladzanja cha ngongole imene yasiya kulipiridwa chipose ndalama yeniyeni imene inatsala, ndipo nyumba ikagulitsidwa pamtengo woposa ngongole ndi zolipira zake, yotsalayo ndi ya mwini wake. Amene sangakwanitse loya wolipira angayambe ku ofesi ya Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, kuno ku Chipata.

Ndikadandaula, ndimadandaula kuchedwa kwa banki ndi manyazi anga amene anandisunga kunyumba miyezi itatu, pamene ndikanapita mwezi woyamba dzina langa lisanade kwa osunga mbiri ya angongole. Koma thandizo lenilenilo lotalikitsa zaka zobwezera ndingalimbikitse nalo aliyense amene akali ndi kanthu kolowa pamwezi. Lero zipinda ziwiri za kuseri tinaika ana a sukulu ya unamwino pa lendi, ndipo ndalama yawo imapita ku banki tsiku lomwe yalandiridwa, isanagone m'nyumba.