Chikwanje cha ku Luchenza patatha miyezi isanu ndi inayi

Papita miyezi isanu ndi inayi chigulire chikwanje changa kwa amisiri ena osula zitsulo ku Luchenza, ndipo tsopano ndingathe kunenapo za khalidwe lake, popeza chadula nthambi za tiyi, nsungwi ndi nkhuni za bulugamu pafupifupi tsiku lililonse.

Amisiriwo sanandibisire kuti anachisula kuchokera ku chitsulo cha kaboni wochepa, chimene sichilimba mokwanira ngakhale chitaviikidwa m'madzi chili psuu. Chitsulo chotere chikazizira pang'onopang'ono, mkati mwake mumachuluka ferrite, mtundu wa chitsulo umene ndi wofewa, pamodzi ndi timagawo tochepa ta pearlite, mtundu wina wolimbirapo. Pofuna kuchilimbitsa, anachikwirira m'makala osinja m'bokosi lomata ndi dongo, nachiwotcha ndi mvukuto kwa maola angapo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900, kuti kaboni alowe m'khungu lake. Ndinaona ndi maso anga akuchiyesa ndi maginito, amene amaleka kugwira chitsulo chikadutsa madigiri 770, asanachiviike m'madzi kuti khungulo lisanduke martensite, mtundu wa chitsulo wolimba kwambiri. Pomaliza anachiwambanso pamoto wochepa mpaka chinaoneka ngati udzu wouma, n'cholinga choti chisamabenthuke.

Miyezi isanu yoyambirira ndinalibe dandaulo. Tupa inkangoterereka pakamwa pake, ndipo tsiku lina m'munda mwathu, nditatema mwala mosadziwa, chikwanjecho sichinathyoke, chifukwa mtima wake wofewa uja ndiwo unalandira nkhonyayo. Apa ndipo ndinauona ubwino wa kasulidwe kameneka.

Vuto linabwera ndi kanoledwe kanga. Khungu lolimbalo ndi lopyapyala kwambiri, losafika ngakhale milimita imodzi, ndipo ine ndinkanola mbali zonse ziwiri pa mwala wa makina, umene umadya chitsulo msanga komanso kuchitenthetsa mpaka kuoneka chobiriwira ngati thambo. Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri, martensite anali atatha pakati pa mpeniwo, moti lero umabuntha dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo kukamwa kwake kumapindika m'malo mobenthuka. Kufupi ndi mpini, kumene sindinanoleko kwambiri, kukadali kwakuthwa ngati kale.

Amene angagule chikwanje chotere azinola mbali imodzi yokha, pa mwala wa madzi, mosafulumira. Changa ndachibwezera kwa amisiri aja kuti achikwirirenso m'makala nyengo yodulira tiyi isanayambe, ndipo ndawapemphanso kuti andisulire china kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, imene ili ndi kaboni wokwanira kulimba mpaka mkati.