Tee Ball ya Little League: kodi chibwana cha ana pabwalo n'chololeka?

Makolo amene tikulera ana kuno ku America sitichedwa kukumana ndi baseball, masewera omenya mpira ndi ndodo n'kuthamanga mozungulira bwalo, chifukwa chisanu chikangotha mabwalo a m'matauni amadzaza ndi ana. Bungwe la Little League, lomwe Carl Stotz anayambitsa mu 1939 ku Williamsport m'boma la Pennsylvania, lili ndi gawo la ana a zaka 4 mpaka 7 lotchedwa Tee Ball. M'gawo limeneli palibe woponya mpira. Amaika mpira wofewa pamwamba pa kamtengo ka labala, ndipo mwana amaumenya uli chikhalire. Mwana wanga wamkazi wa zaka 5 wasewera mu ligi ya m'dera lathu yomwe imatsata ndondomeko imeneyi, ndipo ndikuona kuti ndalama yake sipita pachabe, bola kholo lidziwiretu zimene likaone pabwalopo.

Zimene likaone ndi izi: mwana amene amuimika kutali kumapeto kwa bwalo amanjuta n'kuyamba kuthyola timaluwa tachikasu tomera mu kapinga, wina amavala gulovu kumutu, wina amajambula m'fumbi ndi chala, ndipo womenya mpira nthawi zina amathamangira ku base yachitatu m'malo mwa yoyamba, ali kuseka (ma base ndi malo amene womenya mpira amayenera kupondapo motsatizana). Mpira ukagudubuzika pang'ono, timu yonse imasiya malo ake n'kuunjikana pamenepo ngati anapiye pa madeya. Makolo ena zimenezi zimawachititsa manyazi, koma ine ndikunena mosakayika kuti pa msinkhu umenewu chibwana chotere n'chololeka, ndipo si chizindikiro chakuti mwana ndi wosamvera.

Chifukwa chake chili m'masewera enieniwo. Baseball ndi masewera odikira kwambiri, ndipo mpira womenyedwa ndi mwana wa zaka 5 sufika kawirikawiri kumapeto kwa bwalo, choncho amene waimitsidwa kumeneko akhoza kutha chigawo chonse cha masewera osaugwirako ngakhale kamodzi. Kuuza mwana wotere kuti aime chilili, maso ali pa mpira umene sukubwera, ndi kumupempha chinthu chimene msinkhu wake sunafikepo. Apa ndi pamene ndimayamikira ndondomeko ya masabata 10 imene Little League inakonzera aphunzitsi a Tee Ball, chifukwa imadula nthawi yophunzira m'timagawo tatifupi tokhala ndi timasewera tothamanga. Mphunzitsi wathu ankagawa ana m'timagulu, ena akuponyerana mpira, ena akumenya, ena akuthamanga kuzungulira ma base, ndipo ankawasinthitsa asanatope nazo. Ndinaona kuti mwana yemwe uja wa maluwa, akangopatsidwa mpira wakewake m'manja, ankatchera khutu bwino lomwe. Mu ligi yathu sawerenga mapointi, ndipo mwana aliyense amamenya mpira m'chigawo chilichonse, zomwe zimachotsa mantha olakwitsa.

Chibwanachi chili ndi malire ake, ndipo malirewo ali pa ndodo yomenyera mpira. Ndodo yachitsulo ikazunguzidwa ndi mwana amene sakuyang'ana kumbuyo ikhoza kuvulaza mnzake kumutu, n'chifukwa chake malamulo a Little League salola kuti mwana amene akudikira nthawi yake aziyeserera kumenya pambali pa bwalo, ndipo womenya ndi wothamanga aliyense amavala chisoti cholimba choteteza mutu. Mphunzitsi wathu, yemwe sankakalipira mwana wosewera ndi fumbi, sankanyengerera pa nkhani imeneyi: wogwira ndodo nthawi yake isanakwane ankamukhazika pansi pomwepo. Anawo anagwira msanga kusiyana kwa zinthu ziwirizi.

Zofooka zilipo ndithu. Aphunzitsi amakhala makolo ongodzipereka osalandira malipiro, motero luso lawo limasiyana kwambiri, ndipo ndinaonapo timu ina imene ana onse ankafola mzere umodzi wautali kudikira kumenya mpira, kenako n'kumadzudzulidwa chifukwa chokankhana. Ligi yathu inachulutsanso ana mu timu imodzi, zomwe zinatalikitsa kudikira pa tsiku la masewera. Koma chondipweteka mtima kwambiri chinali kumva bambo wina akukuwira mwana wake kuchokera kuseri kwa mpanda kuti asiye zachibwana, mpaka mwanayo anaweramitsa mutu, osafunanso kugwira ndodo. Ligi ikanachita bwino kukhala pansi ndi makolo nyengo isanayambe n'kuwafotokozera cholinga cha gawoli.

Kholo limene likufuna kulembetsa mwana lifunse kaye kuti mu timu mukhala ana angati ndi akuluakulu othandiza angati, ndipo ngati n'kotheka likaonerere tsiku lina lophunzira lisanalipire. Gulovu yaing'ono yofewa ndi yokwanira poyambira, ndipo kwathu kuno ligi inapereka yokha ndodo, zisoti ndi malaya a timu.