YubiKey 5 NFC: ndemanga yanga patatha nthawi tikuigwiritsa ntchito pabungwe

Antchito ambiri a bungwe lathu amagwirira ntchito kunyumba, ndipo ine ndi amene ndimayang'anira maakaunti awo. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi maimelo abodza. Munthu akakhala yekha sakhala ndi mnzake pafupi woti amufunse kuti, "Kodi imelo iyi ndi yeniyeni?" Amangodina, n'kulemba pasiwedi pa tsamba la akuba, kenako n'kulembanso nambala yotsimikizira imene imabwera pa SMS. Akuba akaitenga msanga nambalayo, alowa basi.

N'chifukwa chake tinagula YubiKey 5 NFC, yopangidwa ndi kampani ya Yubico. Ndi kiyi wachitetezo wolowera mu akaunti: kachipangizo kakang'ono ngati fulashi, kopanda batire. Polowa mu akaunti umakalowetsa pa USB n'kukhudza kachitsulo kagolide kali pakati pake. Pa foni umangokagunditsa kumbuyo, pogwiritsa ntchito NFC, njira yolumikizira zipangizo zoyandikana popanda waya.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi mmene kamagwirira ntchito. Kamatsatira njira yotsimikizira munthu polowa mu akaunti yotchedwa FIDO2, ndipo kamayankha pa adiresi ya tsamba lokhalo limene kanalembetsedwapo. Tsamba labodza, kaya lifanane bwanji ndi lenileni, silipeza kanthu, ngakhale munthu wapusitsidwa kale. Mu 2022 akuba anatumizira antchito a kampani ya za intaneti ya Cloudflare mauthenga abodza a SMS, ena analembadi mapasiwedi awo, koma akubawo analephera kulowa chifukwa cha makiyi otere. Nayo Google inanena mu 2018 kuti chiyambireni kugwiritsa ntchito makiyiwa, palibe akaunti ya wantchito wake imene inabedwa mwa njira imeneyi.

Koma konzekani bwino musanagule. Munthu aliyense amafunika makiyi awiri, wina woyenda naye, wina wosungidwa pamalo abwino, ndipo onse alembetsedwe tsiku limodzi. Wantchito wakutali akataya kiyi wake yekhayo, ntchito imaima mpaka wina amufike. Onaninso malaputopu a antchito anu, chifukwa polowetsera pa USB pamasiyana: pali kiyi wa USB-A ndi wa USB-C. Komanso mapulogalamu ena amene timagwiritsa ntchito salola kiyi, ndiye kumeneko tikudalirabe pulogalamu ya manambala ya pa foni.

Dziwaninso kuti kiyi saletsa vairasi kulowa mu laputopu, choncho makompyuta azikonzedwabe nthawi zonse. Ngati ndalama sizikukwanira onse, yambani ndi amene amagwira zachuma ndi oyang'anira maakaunti, ndipo mukatero muchotse SMS pa maakaunti awo ngati njira yolowera.