Mapiritsi a kusikelo kapena ayironi wa mu diripi: ine ndayesa zonse ziwiri

Mimba yanga yoyamba ndinaimaliza ndi timapiritsi tofiira tija ta kusikelo. Yachitatu ndi imene inandigoneka pabedi, singano ili pamkono, ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi, akulowa mu mtsempha. Chichokereni kuchipatala, amayi anzanga kuno ku Luchenza sasiya kundifunsa kuti chabwino n'chiti, ena mpaka akuganiza zosiya mapiritsi kuti akafune diripi. Ndiye ndati ndifotokoze zonse ziwiri mmene ndinazionera.

Mapiritsi ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo piritsi limodzi limakhala ndi ayironi wokwana 60 mg pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid. Kwa mayi woyembekezera amene magazi ake ali bwino, limodzi patsiku ndi lokwanira. Muyezo wa magazi, umene amaulemba kuti Hb m'buku lachipatala, ukatsika pansi pa 11 ndiye kuti magazi achepa, ndipo kawirikawiri amakuuza kuti uzimwa kawiri. Amagwira ntchito, zimenezi sindingakane. Vuto lake ndi kuwapirira. Ine ankandipatsa nseru, m'kamwa mumamveka ngati ndanyambita khasu, kudzimbidwa ndiye osanena. Chimbudzi chimada bii, koma icho chokha si choopsa.

Palinso vuto lina limene ndi lathulathu ife a ku Thyolo ndi Mulanje: tiyi. Ine ndinkameza piritsi m'mawa ndi tiyi wamphamvu, mbatata ili pambali, n'kumadziona kuti ndikutsatira malangizo. Namwino wina atayang'ana buku langa anafunsa kuti, "Mayi, mapiritsiwa mumamwera chiyani?" Nditayankha anangopukusa mutu. Mu tiyi muli tannin, amene amagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'thupi. Kale n'kale thupi limangotengako kagawo kochepa ka ayironi wa m'piritsi, ndiye tiyi amachepetsanso komweko. Anandiuza kuti ndizisiya ola limodzi kapena awiri pakati pa tiyi ndi piritsi, ndipo ndizimwera madzi kenako n'kudya gwafa, papaya kapena chinanazi, poti vitamini C amathandiza. Zinanazi za ku Mulanje zodzaza m'mbali mwa msewu, ine n'kumamwera tiyi! Mapiritsi amafunanso nthawi: masabata angapo kuti Hb ikwere, ndiponso miyezi ina itatu pambuyo pake kuti nkhokwe ya ayironi m'thupi idzaze.

Za jakisoni wa ayironi wa pathako, amene anthu akuluakulu amamukumbukira, sinditayapo nthawi. Amapweteka, amasiya banga lakuda losachoka msanga, ndipo masiku ano madokotala ambiri anamusiya. Amene tikunena pano ndi wa mu mtsempha, ndipo alipo wa mitundu ingapo.

Iron sucrose, amene ena amamudziwa ndi dzina la Venofer, amaperekedwa pang'onopang'ono, 200 mg pa ulendo umodzi. Munthu wofunika 1,000 mg ndiye kuti apita kasanu. Mankhwala ake ndi abwino, koma tawerengani maulendowo ngati mumachokera ku Thekerani kapena ku Muloza, nthawi ya mvula, kabaza wa njinga yamoto atakweza mtengo chifukwa cha matope. Nyengo yomweyo ndi imene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo mayi wothyola tiyi akajomba masiku asanu, makilo ake apita. Ndikudziwa kuti ambiri angapite kawiri n'kusiya.

Amene ndinalandira ine ndi ferric carboxymaltose, dzina la malonda Ferinject. Mimba inali ya masabata 31, Hb ili pa 8, ndikakwera kamtunda kochoka kumjigo mtima unkagunda m'makutu. Ndinkalakalaka dothi moti ndinkaligula kumsika n'kumalibisa m'chikwama. Dokotala pachipatala china cholipira ku Blantyre anati, "Mayi, mapiritsi sangakupezeni nthawi yobereka isanakwane." Anayamba andiyeza malungo, chifukwa munthu ali ndi matenda m'thupi samuika ayironi wa mu mtsempha. Kenako anandikweza pasikelo, poti mlingo amawerengera 20 mg pa kilo iliyonse ya thupi, osapitirira 1,000 mg. Mankhwalawo ndi akuda mofiirira, ngati tiyi wopanda mkaka amene waiwalika pamoto. Namwino anandichenjeza kuti ndisagwedeze mkono, chifukwa akatayikira pansi pa khungu amasiya banga lokhalitsa. Diripi inatha m'mphindi 15, n'kundisunga mphindi zina 30 kuti aone ngati thupi silikuwakana. Kukana kwakukulu sikuchitikachitika, koma kukachitika kumafuna thandizo la pompopompo, n'chifukwa chake mankhwalawa si obayitsa kwa munthu wa m'mudzi amene ali ndi singano. Madzulo mutu unandiwawa pang'ono, basi. Ulendo umodzi, nkhani yatha.

Zoipa zake zilipo. Mtengo wake unatidyera mbuzi, ndipo simungawapeze pachipatala chaching'ono chilichonse. Saperekedwa m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba. Kwa ena amatsitsa mchere wotchedwa phosphate m'magazi, makamaka akamalandira mobwerezabwereza, ndipo izi zimatha kufooketsa thupi ndi mafupa. Pali mtundu wina, ferric derisomaltose kapena kuti Monofer, umene umaperekedwanso ulendo umodzi koma sutsitsa phosphate kwambiri choncho.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kafukufuku wamkulu wa Ferinject anachitikira konkuno ku Malawi kawiri, ndipo mmodzi mwa omutsogolera anali Pulofesa Kamija Phiri. Woyamba, wotchedwa REVAMP, anali wa amayi 862 ochepa magazi a ku Zomba ndi Blantyre amene mimba zawo zinali zapakatikati, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2023. Pofika masabata 36, amayi 52 pa 100 aliwonse olandira diripi anali akadali ochepa magazi, pomwe kwa omwa mapiritsi anali 57. Kusiyana kochepa kwambiri, ndipo ana anabadwa olemera mofanana, ngakhale kuti diripi inadzaza bwino nkhokwe ya ayironi. Wachiwiri, wa amayi 590 a mimba zotsala pang'ono, anatuluka mu 2025, ndipo apa diripi inapambana moonekeratu: pafupifupi 47 pa 100 olandira diripi ndiwo anali akadali ochepa magazi, poyerekeza ndi 63 kwa omwa mapiritsi.

Manambala amenewa ine amandiuza zinthu ziwiri. Diripi imaposa mapiritsi nthawi ikakhala yochepa. Koma taonaninso kuti ngakhale atalandira ayironi wodzaza, pafupifupi theka la amayiwo magazi anali akadali ochepa. Kuchepa kwa magazi kwathu kuno si ayironi yekha: pali malungo, njoka za m'mimba, likodzo, HIV. Ukathira diripi yodula koma usiku ukugona kunja kwa neti, Fansidar wa kusikelo ukumuponya pawindo, ndalamayo yangopita.

Kuikidwa magazi ndi nkhani ina, ya munthu amene Hb yatsika pansi pa 7 ndipo akubanika, kapena amene akutaya magazi. Ayironi wa mtundu uliwonse amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti thupi liyambe kupanga magazi ake, pomwe magazi oikidwa amagwira tsiku lomwelo. Koma a Malawi Blood Transfusion Service, bungwe lotolera magazi, amadalira kwambiri ana asukulu, moti sukulu zikatsekera magazi amasowa. Si chinthu choti munthu azichiyembekezera dala.

Mng'ono wanga, amene mimba yake ili ndi miyezi inayi ndipo Hb ili pa 10.4, ndamuuza kuti agwire mapiritsi, asunthe tiyi wake afike cha m'ma 10 koloko, ndipo akayezetsenso pakatha mwezi. Akapeza kuti sanakwere, kapena m'mimba mukamukanira ndithu, pamenepo tikafunsa za diripi ya ulendo umodzi, osati ya maulendo asanu. Ine nditabwerera patatha masabata anayi, Hb inali pa 10.6. Dothi lija ndinalipeza m'chikwama mwana atabadwa kale, litaphwanyika, ndipo sindinalilakelakenso.